Zaka zitatu chichitireni opaleshoni ya chifu: makilo 17 amene anabwerera

Mu Meyi 2022 ndinachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu ku New Delhi, m'dziko la India. Madokotala amaitcha sleeve gastrectomy. Amadula n'kuchotsa mbali yaikulu ya chifu, pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10, chotsalacho n'kukhala chowonda ngati nthochi. Ndinanyamuka kuno ku Chipata ndikulemera makilo 131, pamene msinkhu wanga ndi mita imodzi ndi masentimita 62 basi. Ndinali ndi shuga, BP inali yokwera, ndipo kachitunda ka kwathu ndinkakakwera mopumira kawiri. Chaka choyamba chitatha ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti ndabadwanso. Pamene ndikulemba izi, mu Sepitembala 2025, papita zaka zitatu ndi miyezi inayi. Amayi awiri a muno m'tauni andifunsa kale ngati nawonso agulitse puloti kuti apite, ndiye ndaona kuti ndifotokoze mbali imene ineyo sindinaikonzekere.

Za chaka choyamba sindichulutsa. Makilo ankangogwa okha. Pomatha miyezi itatu adokotala anandisiyitsa metformin, mankhwala a shuga, tsitsi linathothoka kenako n'kumeranso, ndipo mu Sepitembala 2023 sikelo inaima pa 84. Apo m'pamene ndinatsikitsitsa. Anthu ambiri amafika potsikitsitsa pawo pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, ndiye zanga sizinali zachilendo. Mu Januwale 2025 sikelo yomweyo inaonetsa 101.

Chimene chinatsegulira makilowo khomo chinayamba ndisanayambe n'komwe kunenepa. Kwathu kuno munthu akaonda msanga, anthu saganiza za opaleshoni. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, mayi wina wachikulire amene ndimamulemekeza kwambiri anandikokera kuseri kwa mtengo wa mango, n'kundigwira dzanja ndi manja onse awiri. Anati, "Mwana wanga, musachite manyazi. Mankhwala aliko masiku ano, ndipo ndi aulere. Mwayezetsa?" Ananena mwachikondi, koma ndinafika kunyumba ndikunjenjemera. Apongozi anga kumudzi, kufupi ndi Katete, atandiona koyamba anakhala pansi n'kuyamba kulira, kufunsa mwana wawo kuti wandichita chiyani. Ndiye makilo atayamba kubwerera, palibe anandichenjeza. Aliyense ankati, "Eya, tsopano mwachira amayi, thupi labwerera." Mawu amenewo ankandikoma. Ndinali nditatopa ndi kuyang'anidwa ngati wodwala, ndipo kilo iliyonse yobwerera inkatseka pakamwa pa munthu mmodzi.

Mmene makilowo analowera ndinazimvetsa mochedwa. Chifu chochepetsedwa chimakana zinthu zolimba. Mpaka lero mbamu zinayi za nsima ndi kachidutswa ka nkhuku zimandikwana, ndikaonjezera ndimamva ngati mwala wakhala pachifuwa. Choncho ndinkadziuza kuti ndimadya pang'ono, ndipo pa mbale zinali zoona. Koma ine ndimagulitsa zitenje, ndimakhala pampando mushopu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Pansi pa kauntala pankakhala kambale ka nsawawa zokazinga. Kasitomala akatuluka, dzanja linkapita m'kambalemo lokha. Nsawawa zokwana magalamu 100 zili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya chakudya) oposa 550, ndipo ine ndinkamaliza zoposa pamenepo dzuwa lisanapendeke. Onjezanipo tiyi wamkaka katatu patsiku, kapu iliyonse masupuni atatu a shuga, chitumbuwa chimodzi chodyedwa monyemanyema kwa ola lathunthu, ndi botolo la maheu kukatentha mu Okutobala. Zamadzimadzi zimadutsa m'chifu chaching'ono ngati madzi m'lichero. Zophwanyika msanga m'kamwa, monga mabisiketi ndi chiwaya, nazonso sizikhalitsa. Chifu sichinkadandaula ngakhale kamodzi, ndiye ndinalibe chondidzutsa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Njala nayo inabwerera. Mbali ya chifu imene amachotsa ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, homoni yochititsa njala, n'chifukwa chake chaka choyamba ndinkaiwala kudya mpaka mwana atandikumbutsa. Koma thupi limazolowera. M'chaka chachiwiri njala inayamba kugogoda cha m'ma 10 koloko m'mawa ngati kale. Komanso thupi limene lataya makilo 47 limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kuposa poyamba, moti chakudya chimene chinkandiondetsa ndili ndi makilo 110 chinali chondinenepetsa ndili ndi 84. Izi anandiuza ku India, ndikukumbukira bwino, koma munthu ukakhala pa bedi la chipatala maganizo onse ali pa mpeni wa mawa, zotere zimangodutsa m'khutu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachita ndekha ndikudziwa. Mu Epulo 2024 kunagwa maliro kumudzi kwa abambo akunyumba, tinakhalako masiku anayi. Usiku wachiwiri apongozi anandiitanira m'khitchini, anandiikira mbale ya nsima mitanda iwiri ndi ndiwo za chiwawa chotendera, n'kukhala pamphasa moyang'anana nane. Anati, "Idyani apongozi, mwagwira ntchito tsiku lonse." Nditadya mbamu zanga zinayi ndinasamba m'manja. Sananene kanthu, anangoyang'ana mbale ija, kenako ine. Amene anakwatiwa kumudzi akudziwa kulemera kwa maso amenewo. Ndinabwezanso dzanja m'mbale, ndipo nsima itakana kutsika ndinatenga chikho cha thobwa chimene chinali pambali n'kumwera. Inatsika. Lamulo loyamba limene anatipatsa kuchipatala linali lakuti tisamwe kanthu pakudya, tidikire mphindi 30, chifukwa madzi amakankha chakudya n'kusiya malo a china. Usiku umenewo ndinaphunzira kuti lamulolo likhoza kutembenuzidwa, ndipo kuchokera pamenepo ndinkamwera chakudya paukwati, pachinkhoswe, paliponse pamene kusiya chakudya m'mbale kukanaoneka ngati mwano. Ndikaganiza za makilo 17 aja, ndimaona chikho chimenecho.

Kenako panabwera manyazi, ndipo ndi amene anandiwononga kuposa nsawawa. Opaleshoni ija inadya puloti yathu ndi ndalama zimene tinasungira denga la nyumba. Ndikanayamba bwanji kuuza abambo akunyumba kuti masiketi amene ndinapatsa telala kuti achepetse ayambanso kuthina? Sikelo ndinaikankhira pansi pa bedi. A kuchipatala chija ankanditumizira uthenga pa WhatsApp chaka choyamba, kenako anachepetsa, ndipo ine nditasiya kuyankha iwonso sanandifunefune. Mavitamini ndinawasiya chifukwa cha mtengo, ndikudziuza kuti poti ndayambanso kudya bwino sakufunikanso. Kumeneko kunali kulakwa kwakukulu. Chifu chochepetsedwa sichithandiza thupi kuyamwa bwino vitamini B12 ndi ayironi, kaya munthu akuonda kaya akunenepa. Ndinkanenepa uku magazi akuchepa.

Chimene chinandipititsa kwa dokotala ndi chizungulire. Ndinatsala pang'ono kugwa ndikutsitsa mpukutu wa zitenje pashelefu. Atandiyeza anapeza magazi atsika kufika pa 9.6, ndipo shuga wayambanso kukwera. Ndinalira pamaso pa dokotala wamng'ono woti akhoza kukhala mwana wanga, ndikunena kuti ndataya ndalama za banja pachabe. Iye anatenga pepala n'kulemba manambala atatu: 131, 84, 101. Anati, "Amayi, mukuyang'ana 84 yekha. Tayang'anani 131." Anandifotokozera kuti kubwerera kwa makilo ena pakatha zaka ziwiri n'kofala kwambiri mwa anthu ochitidwa opaleshoni imeneyi, kuti kunenepa kwambiri ndi matenda okhalitsa ngati BP, ndipo matenda okhalitsa sathera pa tebulo la opaleshoni. Palibe amene anali atandiuzapo zimenezi m'mawu omwe ndikanawamva.

Ananditumiza ku Lusaka kukaunikidwa m'mimba ndi kachubu ka kamera kodzera pakamwa. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndipo ndinadutsa Luangwa ndi mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti akapeza kuti chifu chabwerera mwakale. Sichinabwerere. Chinali chitatambasukako, monga zimachitikira pakapita zaka, koma osati moti n'kufotokoza makilo 17. Anapezanso kuti asidi akukwera kukhosi, vuto lodziwika la opaleshoni imeneyi, limene ine ndinkalitcha chilungulira wamba n'kumalizimitsa ndi mkaka usiku. Nawo mkakawo unali makalori ena.

Anandiuza njira ziwiri zamankhwala. Ina ndi opaleshoni yachiwiri, gastric bypass, yolambalalitsa chakudya mbali ya chifu ndi matumbo, imene imathandizanso pa asidi, koma imafuna mavitamini mosadumphitsa moyo wonse, ndipo ine ndinali nditangoonetsa kuti ndikhoza kudumphitsa. Ina ndi jakisoni wa semaglutide, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Ozempic kapena Wegovy, wobaya kamodzi pasabata, wochepetsa njala. Sindimunyoza, ndipo wina akamupeza kudzera mwa dokotala asachite naye manyazi. Ine anandikanika pa zifukwa ziwiri. Mtengo wake pamwezi shopu yanga singaukwanitse, ndipo ukasiya kubaya makilo ambiri amabwerera. Komanso asanatsegulidwe amafuna firiji, pamene nthawi imeneyo madzi anali atachepa ku damu la magetsi la Kariba chifukwa cha chilala cha 2024, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse.

Ndiye ndinabwerera ku mbale. Ndinasintha dongosolo la kadyedwe: ndiwo poyamba, nsima pomaliza. Kwa Mchewa zimenezi zimamveka ngati kuvala malaya chotembenuza, poti kwathu ndiwo ndi zoperekeza nsima, koma malo m'chifu changa ndi ochepa ndipo oyamba kulowa ayenera kukhala mapuloteni. Anandiuza kuti ndisatsike pa magalamu 60 patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, ndiye m'mawa ndimadya awiri owiritsa, masana kapenta kapena nyemba, madzulo nyama ya soya kapena nkhuku, masamba osasowa. Nsawawa sindinazisiye, mwana wa Kum'mawa sangasiye nsawawa, koma ndimayeza ndi kachivindikiro ka botolo la mafuta odzola, kamodzi patsiku, ndipo kambale kaja ndinakachotsa pansi pa kauntala. Shuga mu tiyi ndinatsitsa supuni imodziimodzi kwa miyezi iwiri mpaka kutheratu. Chovuta kwambiri chinali maheu. Masana, Chipata atatentha pakati pa mapiri ake, madzi okha sakoma, ndipo pali masiku amene ndimagonja.

Ndimayenda wapansi m'mamawa kusanatenthe, mphindi 40, ndi mnzanga wa pashopu yoyandikana. Sikelo inatuluka pansi pa bedi, ndimakwerapo Loweruka lililonse n'kulemba m'kope lomwe ndimalembamo ngongole za makasitomala. Jakisoni wa B12 ndimabayitsa pakatha miyezi itatu iliyonse, mapiritsi a ayironi ndi kashiamu ndimamwa motalikiranitsa chifukwa amalimbana. Mawondo akawawa ndimamwa Panado, popeza Brufen ndi diclofenac zikhoza kuyambitsa zilonda m'chifu chodulidwa. Lero ndili pa makilo 94. Miyezi isanu ndi itatu kuchokera mu Januwale yandichotsera makilo 7 okha, pamene chaka choyamba 7 ankapita m'mwezi umodzi. Metformin ndinayambiranso, piritsi limodzi patsiku, ndi omeprazole wochepetsa asidi m'mawa uliwonse.

Amayi awiri aja ndinawayankha kuti inde, nditabwerera mu 2022 ndikhoza kupitanso. Ndine wopepuka ndi makilo 37 kuposa tsiku limene ndinakwera ndege, mankhwala a BP anachepa, kachitunda kaja ndimakakwera ndikucheza. Koma ndinawauzanso kuti ndalama ya opaleshoni ndi chiyambi chabe. Asanagulitse puloti awerengere za mavitamini a chaka ndi chaka, zoyezetsa magazi, ndi mabasi a ku Lusaka. Apeze dokotala wa kuno amene adzawatsatira asananyamuke, abwere ndi mapepala onse ofotokoza zimene anachitidwa. Ndipo akhale pansi ndi a m'banja, makamaka akuluakulu, awafotokozere za mbale yaing'ono opaleshoni isanachitike. Ine ichi sindinachite, ndinabisa, ndinauza anthu kuti ndikupita kukaonetsa mawondo.

Kwa apongozi anakalankhula ndi abambo akunyumba, ineyo sindikanatha. Abambowo ndinawauza zonse nditabwerako ku Lusaka, za chikho cha thobwa zomwe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mukanandiuza kale amayi, puloti ndi dothi chabe." Anapita okha kumudzi, anatenga nthochi n'kuwaonetsa amayi awo kukula kwa chifu changa. Mu Ogasiti, pa nthawi ya Kulamba ku Mkaika, tinagona kwawoko. Apongozi anandiikira kamtanda kamodzi m'kambale ka mwana, mazira awiri pambali, ndipo nditasamba m'manja sanayang'ane m'mbale. Potsanzikana anatulutsabe chigubu cha malita asanu cha thobwa, amvekere, "Ichi sichakudya apongozi, n'chakumwa chabe." Ndinalandira ndi manja awiri nditagwada. Ndinamwako kapu imodzi tisanafike pa Mtenguleni, chotsalacho anamaliza anyamata onyamula katundu kushopu. Loweruka lotsatira ndinalemba 94 m'kope, ndipo magazi ndikukayezetsanso mu Disembala.