e-Sword pa laputopu, YouVersion pa foni: zimene ndaona pa zaka ziwiri ndikukonzera ulaliki kuno ku Angonia

Ndine mkulu wa mpingo pa nyumba ina ya mapemphero chakuno ku Domwe, m'boma la Angonia, ku Mozambique. Abusa athu ali ndi nyumba za mapemphero zambiri, ndiye kwathu amafika mwa apo ndi apo, makamaka pa Mgonero ndi ubatizo. Masabata otsalawo guwa limatigwera ife akulu a mpingo. Ine ntchito yanga ndi khasu, chimanga ndi kachewere, ndipo sukulu ya ubusa sindinaipondeko. Chingerezi chochepa chimene ndili nacho ndinachitola ku Dedza tili othawa nkhondo, tisanabwerere kwathu mtendere utasainidwa mu 1992. Ndanena zimenezi dala, chifukwa ubwino ndi kuipa kwa mapulogalamu a Baibulo amenewa kwagona pa chilankhulo chimene munthu amatha kuwerenga.

Laputopu ndinapatsidwa ndi mwana wanga wachisamba amene amagwira ntchito ku Moatize. Ndi yakale, batire lake silichedwa kutha. Mnyamata wina wophunzira zaubusa ku Hefsiba, ku Ulongwe, ndi amene anandiikiramo e-Sword kuchokera pa fulashi yake, n'kundionetsa podina kwa ola limodzi basi. Pulogalamuyi anailemba ndi Rick Meyers wa ku America, ndipo inayamba kugawidwa m'chaka cha 2000. Ya pa kompyuta ya Windows ndi yaulere, koma ya pa iPhone ndi Mac amagulitsa. Mabaibulo ena atsopano a Chingerezi nawonso ndi ogula, koma ine sindinatulutsepo ngakhale metikali imodzi, ndipo zaulerezo sindinazimalize n'komwe. Ukaika zonse, intaneti sifunikanso. Kwa ife a kumudzi chimenechi ndiye chachikulu.

Chimene chinandigwira mtima ndi Baibulo la Chingerezi la King James lolembedwa KJV+. Pambali pa mawu ambiri pali nambala. Manambalawo anawakonza ndi James Strong m'buku lake la 1890: mawu a Chiheberi amayamba ndi H, a Chigiriki amayamba ndi G. Ukaloza nambala, pamatuluka liwu lenilenilo ndi tanthauzo lake, ndipo ukhoza kuuza makinawo kuti akusonkhanitsire mavesi onse amene muli liwu limenelo. Ntchito imene ndikanaigwira mwezi wathunthu ndi pensulo imatha ketulo isanawire.

Ndifotokoze za tsiku limene chida chimenechi chinandilanditsa ku manyazi. Ndinkakonzekera kulalikira pa Yohane 21, pamene Ambuye afunsa Petro katatu ngati awakonda. M'Chichewa mafunso atatu onsewo ndi "kukonda" basi. Koma ndinali nditamva mlaliki wina pa wailesi akunena kuti m'Chigiriki muli mawu awiri, lina la chikondi cha Mulungu, lina la chikondi wamba cha pa chinzake, ndipo akuti Petro analephera kufika pa chikondi chapamwambacho. Nditatsegula e-Sword ndinapezadi kuti mawu ndi awiri: G25, agapao, m'mafunso awiri oyamba, ndi G5368, phileo, m'funso lachitatu ndi m'mayankho onse a Petro. Mtima unangoti myaa, ndati ulaliki ndaupeza, Lamulungu anthu akadziwa kuti mkulu wawo wafika pa Chigiriki. Koma chala chinandiyabwa, ndinati ndione kaye kwina kumene mawuwa akupezeka. Pa Yohane 3:35, ponena kuti Atate akonda Mwana, pali G25. Pa Yohane 5:20, ponena zomwezomwezo za Atate ndi Mwana, pali G5368. Ndiye kuti Atate amakonda Mwana ndi chikondi chotsika? Kenako pa 2 Timoteo 4:10, Dema uja amene anasiya Paulo chifukwa chokonda dziko lino, liwu lake ndi G25, lomwe lija amati ndi la chikondi cha Mulungu chokha. Ndinakhala duu kwa kanthawi. Ulaliki wanga wa Chigiriki unafera pomwepo. Lamulungu lakelo ndinangolalikira za munthu amene anakana Mbuye wake katatu, n'kupatsidwa mwayi wovomera katatu, kenako n'kupatsidwa nkhosa zoti adyetse. Chigiriki sindinachitchule ngakhale kamodzi.

Ndiye amene mukufuna kuyamba, manambala a Strong muwatenge ngati chikwanje chakuthwa. Ukangoona tanthauzo limodzi n'kuthamangira nalo ku guwa, udzanamiza anthu uli ndi mtima wabwino. Phindu lake lili pa kufufuza mavesi onse, ndipo e-Sword pamenepo imagwira ntchito mosanyinyirika.

Tsopano vuto. Buku Lopatulika, limene timawerenga m'tchalitchi mwathu, mu e-Sword yanga mulibe. Ndipo Baibulo la Chichewa lokhala ndi manambala a Strong sindinalionepo. Choncho pa tebulo panga pamakhala zinthu zitatu: laputopu ili ndi Chingerezi cha King James cha 1611, chodzaza ndi "thee" ndi "thou" amene ngakhale aphunzitsi athu a ku Dedza sankalankhula, foni ili ndi Chichewa, pambali pali Baibulo la Chipwitikizi la Almeida, loti ndikasokonezeka ndifunseko. Vesi limodzi limayenda m'zilankhulo zitatu lisanafike pa kope langa. Ana athu kusukulu amaphunzira m'Chipwitikizi, kunyumba ndi kutchalitchi timalankhula Chichewa, pamene zida zabwino za pulogalamuyi zili m'Chingerezi. Anzathu a tsidya la malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, pamenepa anatiposa mwayi. Mkulu mnzanga amene sanakhaleko ku Malawi anayesa sabata ziwiri n'kundibwezera fulashi, akuti zikumupweteketsa mutu.

Mabuku ofotokozera Malemba alimo ambiri aulere: Matthew Henry, John Gill, Albert Barnes ndi ena. Matthew Henry anamwalira mu 1714, ndiye mukhoza kuona nokha kuti ankalembera anthu ati. Ndi munthu wozama, ndipo nthawi zina chiganizo chake chimodzi chimanditsegula maso. Koma ndi wautali ngati msewu wa ku Tete. Za mitala, za sadaka ya maliro, za mwana wa Mkhristu amene walowa gule, za chinamwali, zimene timakhalira nazo pansi m'bwalo la akulu a mpingo mwezi ndi mwezi, musayembekeze kuti akuyankhani monga zilili kwathu kuno. Tsiku lina ndinachita ulesi, ndinangomasulira ndime zake n'kukaziwerenga pa guwa. Titatuluka, gogo wina wa Chigwirizano anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Abambo, mwalalikira bwino, koma lero munali ndi alendo m'kamwa." Sindinabwerezenso.

Chimene ndimachikonda kuposa onsewo ndi Treasury of Scripture Knowledge. Sichilongolola, chimangokulozera mavesi ena ogwirizana ndi limene ukuwerenga. Chimenechi ngakhale wosadziwa Chingerezi akhoza kuchigwiritsa ntchito, bola azolowere mayina a mabuku ofupikitsidwa, chifukwa chonse ndi mitu ndi mavesi basi.

Za pa foni. Ndili ndi YouVersion, imene pa foni imangolembedwa kuti Bible, ya mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma, ndipo inatuluka mu 2008. Ndi yaulere ndipo ilibe zotsatsa malonda. Muli Buku Lopatulika, Buku Loyera ndi Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, kuphatikizapo Mabaibulo angapo a Chipwitikizi. Ndinachita kutsegula akaunti ndi imelo, kenako n'kukopera Mabaibulo anga m'foni kuti azitseguka popanda netiweki. Musaiwale kukoperako. Kungoika pulogalamu yokha sikukwanira, ndipo mnzako akakutumizira pulogalamuyo kuchokera pa foni yake, Mabaibulo uyenera kukopera wekha. Ine ndinakachitira zimenezi ku Ulongwe tsiku limene ndinapita kukagula feteleza, chifukwa kwathu netiweki imachita kufunidwa pa chulu, ndipo nthawi zina foni imangogwira ya ku Malawi.

Ubwino wake waukulu ndi kuika Mabaibulo a Chichewa pamodzi pa vesi limodzi. Zinatithandiza pa mkangano wina wa m'kalasi la Lachitatu. Mtsikana wina anabwera ndi Buku Loyera la azakhali ake, ndipo powerenga anatchula Chauta pamene ife tonse tinali ndi Yehova. Bambo wina wachikulire anakwiya, akuti Chauta ndi wa makolo, wa ku kachisi wa mvula, asalowe m'tchalitchi. Ndinawapempha kuti tiione nkhaniyi sabata yotsatira. Kunyumba ndinatsegula Eksodo 3:15. Buku Lopatulika, limene linamalizidwa m'zaka za m'ma 1920 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Malawi, likuti Yehova. Buku Loyera la 1998 likuti Chauta. La Almeida limene ndili nalo likuti SENHOR, King James akuti LORD. Pa laputopu, pansi pa onsewo pali liwu limodzi, H3068, dzina la zilembo zinayi za Chiheberi limene Ayuda ankaopa kulitchula. Ndinakawafotokozera kuti omasulira onsewa anakumana ndi dzina limodzi, aliyense n'kusankha njira yake yolibweretsera kwa anthu ake. Bambo aja sanagonje, mpaka lero salifuna dzinalo, ndipo ndi ufulu wawo. Koma anasiya kunena kuti mtsikanayo wabweretsa Baibulo lachikunja. Onani kuti yankho limeneli linafuna zida zonse ziwiri: foni inandionetsa kusiyana, laputopu inandionetsa gwero. YouVersion ndi yowerengera ndi kuyerekeza; manambala a Strong ndi mabuku ofotokozera aja mulibemo.

Zilembo zimakulitsidwa, ndipo mayi a kunyumba, amene maso anayamba kuwavuta, tsopano amawerenga Masalimo madzulo popanda kuyatsa nyali. Mabaibulo ena ali ndi mawu omvetsera, koma kumvetserako kumadya mamega, ndiye ndinasiya. Mapulani a kuwerenga tsiku ndi tsiku, zithunzi za mavesi, kupeza abwenzi, zonsezo sindizigwiritsa ntchito.

Chenjezo limodzi. Mu Play Store muli timapulogalamu tambiri tolembedwa kuti Baibulo la Chichewa. Ndisanadziwe YouVersion ndinaikapo kena, sinditchula dzina. Tili pa maliro usiku, andipempha kuti ndiwerenge Mawu, ndikutsegula Yohane 14, pagalasi ponse panadzaza chithunzi chotsatsa juga ya mpira, nyimbo yake n'kulira pakati pa anamfedwa. Ndinachita kuzimitsa foni n'kubwereka Baibulo la munthu wina. Musanaike, funsani amene anayamba kale.

Ndayesakonso AndBible, ya pa mafoni a Android, imene imagwiritsa ntchito mabuku a bungwe la CrossWire Bible Society. Iyi ndiye imabweretsa manambala a Strong ndi mabuku ofotokozera m'foni mwenimwenimo, popanda intaneti, ndipo ndi yaulere. Muli Almeida yakale ya 1911. Kwa amene alibe laputopu ndi njira yabwino, ndipo achinyamata amaizolowera msanga. Ine zala zanga ndi za khasu, kagalasi ka foni kakagawidwa pawiri ndimangodina polakwika, ndiye ndinabwerera ku laputopu.

Kunena za magetsi, Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechino cha Tete, koma kwathu timadalira sola. Miyezi ya mvula, dzuwa likabisala masiku atatu, laputopu imagona. N'chifukwa chake ndimakonzekera Lachiwiri kapena Lachitatu, osadikira Loweruka. Ndipo zolemba zanu musazisiye mu kompyuta mokha. e-Sword ili ndi malo abwino olembamo maganizo pa vesi lililonse, ndipo ndinalembamo maulaliki a chaka chathunthu. Mdzukulu wanga analowetsa fulashi ya mafilimu yokhala ndi vairasi, wokonza makompyuta n'kufufuta zonse kuti ayambirenso. Mlandu ndi wanga, chifukwa mnyamata wa ku Hefsiba uja anandiuza kuti ndizisunga kwina, ine n'kunyozera. Pano ulaliki uliwonse umathera mu kope la pepala.

Pa guwa ndimakwera ndi Buku Lopatulika langa lachikuto chakuda ndi kope. Foni imakhala m'thumba. Akuluakulu athu akaona munthu akusisita foni kutsogolo amaganiza kuti ali pa WhatsApp, ndipo sindiona chifukwa chowakhumudwitsira pa chinthu chaching'ono chotere.

Pa nyenyezi zisanu, e-Sword ndikuipatsa zinayi. Yachisanuyo ndidzapereka tsiku limene ndidzaloze liwu la Chichewa n'kuona Chiheberi chake. YouVersion zinayinso, ndipo kwa munthu amene akungofuna Baibulo la Chichewa m'thumba, ndi yokwana. Amene amawerenga Chipwitikizi chokha ayambe ndi foni, laputopu isamuvutitse mtima.

Sabata ino ndili pa Rute 2, poti anthu ali pakati pokolola. Treasury ija yanditengera ku Levitiko 19:9-10 ndi Deuteronomo 24:19, pamene mwini munda akulamulidwa kusiya za m'mphepete ndi mtolo woiwalika kuti mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye adzatole. Liwu la Chingerezi la ntchito imene Rute ankagwira m'munda wa Boazi linandizunguza, mpaka ndinatsegula foni. Ndi kukunkha. Mayi anga anatilera ndi kukunkha m'minda ya eni ku Dedza, ndipo theka la anthu amene adzakhale pa mabenchi Lamulungu anakunkhapo.