Anandigulitsa ma lovebird aakazi okhaokha

Bambo amene anandigulitsa mbalame ndikuwapatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa zimenezi ndi za akazi awo, osati za bambo ogulitsawo.

Ndinagula ma lovebird (timbalame ta mtundu wa zinkhwe) awiri a mtundu wa peach-faced kwa bambo ena amene amaika zithunzi za mbalame pa Facebook kuno ku Lilongwe, pa mtengo wawo uja sautsitsa, pamodzi ndi keji ndi bokosi loikiramo mazira. Ndinawauziratu kuti ndine wongoyamba kumene. Mtundu umenewu yaimuna ndi yaikazi zimafanana ngati mapasa, ndiye ndinadalira iwo. Anagwira iliyonse n'kuipapasa ndi chala kumunsi kwa mimba, amvekere, "Iyi mafupa ndi otalikirana, ndi mayi. Iyi ndi bambo. Musandikayikire achimwene, ntchitoyi ndinayamba kale."

Patapita miyezi iwiri zonse zinayamba kung'amba masamba a kanjedza, n'kumatsomeka timizereto mu nthenga za pafupi ndi mchira, ulendo wa m'bokosi. Ine n'kumasekerera kuti banja logwirizana, osadziwa kuti khalidwe limeneli ndi la zazikazi. Mazira anafika 10, chonsecho imodzi imaikira 4 mpaka 6. Ndalama ndinali nditawerengera kale, mpaka mlamu wanga ndinamulonjeza ana awiri. Masiku 23 anakwana, zii. Ndinapirira sabata ina. Usiku wina ndinaunika dzira lililonse ndi tochi ya foni: mbee, ngakhale kamtsempha kofiira kamodzi.

Nditabwererako bambowo anati vuto ndi kadyetsedwe kanga. Kadyetsedwe kati? Mawere, mpendadzuwa pang'ono, masamba, zikamba za mazira zosinja, ndipo peyala sindinayerekeze n'komwe chifukwa limapha. Kodi mawere amasandutsa mbalame kukhala yaimuna? Akuti katundu akatuluka pageti sabwerera. Mawu anayamba kukwera mpaka ana a pa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

Akazi awo, amene ankachapa pa mpopi, anangopukuta manja pa chitenje n'kunena kuti, "Abambo, musatichititse manyazi. Apatseni yamphongo ili mu keji ya pakonayo, ija yaberekapo kale." Tinasinthana pomwepo, osawonjezera ngakhale tambala.

Kunena zoona mbalame zawo ndi zathanzi, nthenga zosalala, maso owala, ndipo keji ndi yolimba. Panopa m'bokosi muli ana anayi, akulira ngati timabelu m'mawa uliwonse. Chakudya cha mbalame ndimagulabe komweko, koma ndimayamba ndaimba foni kufunsa mayiwo ngati bambowo atuluka.