FamilySearch ndi mayina obisika m'mawilo akale a ku America

Ngati mukufufuza za makolo amene anakhala ku America m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, yambirani pa FamilySearch, webusaiti yosunga zikalata zakale zofufuzira makolo. Ndi yaulere, mumangotsegula akaunti. Eni ake ndi a mpingo wa Latter-day Saints ku Salt Lake City, koma sakufunsani kumene mumapemphera. Ine ndimaigwiritsa ntchito pothandiza mlamu wanga, amene makolo ake anali akapolo ku Virginia.

Chimene ndikuiyamikira kwambiri ndi Full-Text Search, njira yosakira mawu m'kati mwa zikalata, imene inayamba mu 2024. Kale mlozera wa mabuku a kukhoti unkangoonetsa mwini wilo, kapena wogulitsa ndi wogula malo. Ena onse otchulidwa m'kati mwa chikalata sankaoneka pokhapokha mutawerenga tsamba ndi tsamba. Tsopano kompyuta imawerenga zolemba pamanja zija, dzina n'kutuluka ngakhale litabisala pakati pa ndime.

Kwa banja ngati la mlamu wanga, nkhani yagona pamenepa. Kalembera wa kuyambira 1790 mpaka 1840 ankangolemba dzina la mutu wa banja. Wa 1850 ndi 1860 anaika akapolo pansi pa dzina la mbuye wawo, osatchula mayina awo, koma zinthu monga zaka zawo, mtundu wa khungu ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Ambiri dzina lawo limayamba kuoneka mu 1870. Koma m'mawilo ndi m'mindandanda ya chuma chamasiye alimo ndi mayina awo: mayi ndi ana ake, aliyense ndi mtengo wake, pamodzi ndi ng'ombe, mabedi ndi miphika. Mtima umawawa powerenga. Komabe ndi mmenemo mumapeza kuti mtsikana wakuti anapatsidwa kwa mwana wamkazi wa mbuyeyo, ndipo popeza chuma cha mkazi wokwatiwa chinkakhala m'manja mwa mwamuna wake, mumakamutsatira m'wilo ya mkamwiniyo.

Zikalata za malo nazo musazipeputse. Mwamuna akamagulitsa munda, mkazi wake ankafunsidwa payekha ngati akuvomera kusiya gawo limodzi mwa magawo atatu limene akanadyerera atakhala wamasiye, choncho dzina lake, losowa kwina konse, limapezeka pamenepo. Malire ankawalemba potchula mitengo, mitsinje ndi minda ya anansi, ndipo anansiwo kawirikawiri anali apachibale.

Kompyuta imaphonya zilembo zakale, ndiye dzina lisakeni m'malembedwe angapo, ndipo nthawi zonse tsegulani chithunzi cha tsambalo muwerenge nokha. Zithunzi zina zimatseguka pokhapokha muli pamalo awo ofufuzira kapena mulaibulale yogwirizana nawo, chifukwa cha mapangano ndi eni mabuku. Pamene mabuku anapsa, monga ambiri a Hanover County, boma lina la ku Virginia, amene anapsera ku Richmond mu Epulo 1865, mabukuwo simungawapeze pa FamilySearch. Pamenepo pitani ku mabuku a msonkho a Virginia oyambira mu 1782, omwe Library of Virginia imasunga. Ena oyambirirawo amatchula akapolo mayina awo.