Kuyezetsa shuga pa famase ina ya pa boma la Dedza

Pa famase imeneyi amayeza shuga pobaya chala ndi kasingano, ndipo zotsatira zimatuluka munthu asanadzuke pampando. Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi mafotokozedwe a mayi amene amayezawo. Iwo anati insulin, homoni yopangidwa ndi kapamba, imayenda m'magazi n'kukamata pa timapuloteni tapadera ta kunja kwa maselo a minofu ndi a mafuta, ndipo selo ikalandira uthengawo imatsegula njira zolowetsera shuga. Kwa odwala shuga ya mtundu wachiwiri, maselo amagontha ku uthengawo ngakhale insulin ilipo, n'chifukwa chake shuga amachuluka m'magazi. Chodandaulitsa n'chakuti malo oyezerawo ndi opanikiza, moti ogula mankhwala amamva zotsatira za anzawo. Amene akufuna kuyezetsa apite m'mawa asanadye kanthu.