Patatha miyezi 9 ndikupanga render pa cloud kuchokera ku Lilongwe

Papita miyezi 9 chiyambireni kumalizitsa makanema anga pa makompyuta obwereka a pa intaneti, amene anthu a ntchito yathu timangowatchula kuti cloud, ndipo tsopano ndikhoza kusiyanitsa bwino ntchito zimene njirayi imayenera ndi zimene siyenera. Ndimagwirira ntchito m'kachipinda kena ku Area 25. Zambiri zimene ndimajambula ndi zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mipingo, ndipo mwa apo ndi apo ndimapatsidwanso makanema a mabungwe amene malikulu awo ali kunja kwa dziko lino. Pulogalamu imene ndimakonzera ndi DaVinci Resolve.

Chimene chinandikankhira kumeneko ndi magetsi. Render ndi gawo lomaliza, pamene kompyuta imasonkhanitsa zidutswa zonse, mitundu, mawu ndi malemba n'kutulutsa fayilo imodzi, ndipo pa laputopu yanga kanema wa 4K (wa chithunzi chooneka bwino kwambiri) wa maola awiri ankatenga pafupifupi usiku wonse, fani ikulira, pansi pake potentha moti sungaike pamiyendo. Magetsi akathima pakati pa usiku, batire silinkafika m'bandakucha, ndipo m'mawa ndinkayambiranso. Pa mbali imeneyi cloud sinandigwiritse mwala ngakhale kamodzi. Ndikayambitsa render kumeneko ndimatseka laputopu n'kukagona, ndipo kaya kuno kuthime kaya netiweki idule, ntchito imapitirira chifukwa ikuchitikira pa makina amene ali ku South Africa. Microsoft inatsegula malo ake osungira makompyuta m'dzikolo mu 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Ndinasankha imodzi mwa makampani amene ali kumeneko chifukwa makina a ku Ulaya ankachedwa kuyankha ndikadina batani.

Chimene sindinachiwerengere bwino poyamba ndi ulendo wa mafayilo kuti akafike kumeneko. Kamera yanga ikamajambula 4K pa 100 Mbps (muyezo wa kuchuluka kwa data pa sekondi) imadzaza 45 GB pa ola limodzi. Intaneti yanga ikakhala kuti yadzuka bwino imakweza mafayilo pa liwiro la 10 Mbps, kutanthauza kuti ola lililonse lojambula limafuna maola 10 kuti likwere. Ukwati woyamba umene ndinayesera unali ndi makamera awiri, kutchalitchi ndi kumadyerero, zonse pamodzi maola 6. Amenewo ndi 270 GB, ndiye kuti maola 60 akukweza popanda kudukiza, pomwe render yeniyeniyo inatha ndisanamalize kudya nsima yamadzulo. Ndinakhala masiku atatu ndikuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda ngati nkhono, mayi a mkwatibwi akuimba foni kufunsa kuti, "Kodi achimwene, kanema uja wafika pati?" Mnzanga wina wa ku Area 47 ali ndi Starlink, intaneti ya pa satelayiti imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo anandilola kukakwezera kwake. Zinapepukako ndithu, koma nayonso liwiro lake lokweza ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi lotsitsa, ndipo ife okonza makanema chimene timafuna kwenikweni ndi chokwezacho.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe. Ndimayamba ndakonza kanema yense pa laputopu pogwiritsa ntchito ma proxy, amene ndi makope ang'onoang'ono a mafayilo, kenako kudzera pa gawo la Resolve lotchedwa Media Management ndimakopera zidutswa zokhazo zimene zalowa mu kanema, ndipo ndi zimenezo zimene ndimakweza usiku. Pa kanema wa bungwe wa mphindi 15, wotengedwa m'zojambula za masiku anayi ku Mitundu ndi ku Dedza, zokweza zimachepa kwambiri moti pofika m'mawa zimakhala zitafika. Ndinenenso pano, poti ambiri amasokoneza, kuti Blackmagic Cloud imene inabwera ndi Resolve 18 mu 2022 ndi yogawana polojekiti pakati pa okonza angapo, ndipo render imachitikabe pa kompyuta imene mukugwiritsa ntchito. Chimene ndikunena ine ndi kubwereka kompyuta yathunthu yokhala ndi GPU, kachipangizo kofulumizitsa ntchito ya zithunzi, n'kuikamo nokha pulogalamu.

Kompyuta yobwerekayo imabwera yopanda kanthu, ndipo zimenezi zinandiphunzitsa phunziro lowawa. Ndinatumiza kanema amene malemba ake apansi anali a Chichewa, ndipo mwini wake anafuna kuti dzina la dziko lilembedwe ndi ŵ. Fonti, kapena kuti kalembedwe ka zilembo, imene ndinasankha inali pa laputopu yanga yokha, choncho makina akutali anaika ina m'malo mwake, ndipo paliponse pamene panali chilembocho panatuluka kabokosi. Ndinazindikira kasitomala ataona kale. Masiku ano mafonti, ma LUT (mafayilo osinthira mitundu ya chithunzi) ndi nyimbo ndimaziika m'foda imodzi ndi zojambula, ndipo ndimayamba ndatulutsa mphindi imodzi yoyesera ndisanayambitse kanema yense.

Nkhani ya ndalama ndiyo imandidetsa nkhawa kuposa zonse. Makinawa amalipiritsa pa nthawi imene ayaka, kaya akugwira ntchito kaya angokhala, ndipo Lachisanu lina ndinaiwala kuwazimitsa mpaka Lolemba. Malo osungira mafayilo amalipiritsidwa padera, kutsitsanso mafayilo kuchokera kumeneko kuli ndi mtengo wake. Zonsezi ndi za madola, pomwe makasitomala anga ambiri amalipira makwacha. Aliyense amene anaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa kuti mtengo umene wauza munthu lero ukhoza kukudya wekha mawa, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti kulipira ndi khadi la kubanki kusakhale kodalirika mwezi uliwonse.

Ndiye ndagawa ntchito zanga pawiri. Makanema a mabungwe onse amapita ku cloud, chifukwa ndi afupi, amafuna kuyeretsa chithunzi kumene laputopu yanga sikungakwanitse, ndipo eni ake ku Ulaya amatsitsa okha fayilo kuchokera komweko popanda kudutsa pa bandulo yanga. Maukwati ndi zinkhoswe ndinazibweza kunyumba. Banja limafuna kanema wautali, mopanda kudula perekaniperekani ngakhale pang'ono, ndipo limafuna kuti kanemayo aperekedwe pa fulashi kuti akaonere pa TV ndi abale, choncho kukweza zonsezo n'kudzazitsitsanso ndi kulipira kawiri. Ndalama zimene ndikanawonongera pamenepo ndinagulira invata ndi batire lalikulu, ndipo ukwati umene ndinajambula ku Likuni mwezi watha unatha render pa laputopu yomwe ija magetsi atathima kwa maola anayi.