Sienta za Mangochi–Chiponde: dalaivala analibe vuto, oitanira ndiwo andikwiyitsa

Ndikulemba ndikadali wokwiya ndi anyamata oitanira pa siteji ya magalimoto opita ku Namwera ndi Chiponde. Lachisanu lapitali ndimaperekeza mayi anga kumaliro a achimwene awo ku Mandimba, ku Mozambique. Mayiwo ndi achikulire, mawondo anatha kale, ndiye ndimafuna galimoto yoti inyamuke msanga tikapeze mwambo usanayambe.

Tisanatsike n'komwe pa kabaza, mnyamata wina anali atalanda kale chikwama cha mayi ndi kathumba ka ufa kachipepeso. "Tiyeni masteni, yatsala anthu awiri, inyamuka pompano!" Tinayang'ana m'galimoto, inalidi yodzaza. Titangolipira, anthu atatu amene anakhala kumbuyo anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala pa benchi kuseka. Anali anzake, ongoikidwa kuti galimoto izioneka yodzaza. Tinakhala pamenepo dzuwa la ku Mangochi likutiwotcha, mawindo akumbuyo osatseguka, mayi akudzikupizira mphepo ndi chitenje. Nditamuuza mnyamata uja kuti atibwezere ndalama tikakwere ina, anandiyankha kuti ndalama ikalowa siituluka. Mtengo wake mukuudziwa kale mmene unakwerera chigwereni kwacha mu 2023, koma iye anawonjezera K2,000 ya katundu, katundu woti ndinamunyamula pamiyendo ulendo wonse. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti anawakalipira mayi kuti akuchedwa kukwera. Munthu wamsinkhu wa agogo ake, ali pachisoni, kumuuza kuti "fulumirani, si ambulansi iyi". Mwana ameneyo analeredwa kuti?

Sienta, galimoto ya anthu 7, tinakhalamo 11. Kutsogolo atatu kuphatikiza dalaivala, wina atakhalira theka la mpando wa dalaivalayo moti posintha giya amachita kumukankha bondo.

Koma dalaivala ndisamunamizire. Titawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera mapiri a ku Chowe, pamene msewu umakhotakhota, mayi anayamba chizungulire ndi nseru. Ndisanalankhule, bamboyo anawaona pagalasi, n'kuima pambali pamalo otakasuka. Anatsika, n'kutenga botolo lake la madzi kuwapatsa kuti asambe kumaso, kenako anapempha mnyamata amene anakhala pawindo kutsogolo kuti asinthane ndi mayi. Wina atayamba kudandaula kuti tikuchedwa, iye anangoti, "Achimwene, awa ndi amayi athu tonse, dikirani apume." Kuchoka apo anayendetsa mwaulemu, m'makona onse akuchepetsa liwiro, osapikisana ndi anzake amene amatidutsa ngati akuthamangitsidwa. Pa Namwera anthu ambiri anatsika ndipo anatigulitsa ku galimoto ina, zomwe ndimadana nazo, koma analipira mnzakeyo ife tikuona, n'kunyamula yekha ufa uja kukauika. Winayo atafuna kuti tiwonjezere, anamuletsa.

Mayi amandiuza m'njira kuti ife a lero tikudandaula tili pabwino. Iwo msewu umenewu anauyenda usanaikidwe tara, pa matola, atakhalira matumba a chimanga kumbuyo kwa pikapu, pofika ku Namwera nsidze zili mbuu ndi fumbi, ndipo nthawi ya mvula galimoto ikakanika chitunda amuna amatsika kukankha. N'zoona, lero ulendowu ndi waufupi ndipo galimoto sizisowa, kupatula masiku amene mafuta avuta. Koma iwo omwewo amakumbukira basi za makampani akale a UTM ndi Stagecoach zochokera ku Blantyre: umapatsidwa tikiti yolembedwa mtengo, kondakitala ali mu yunifolomu, ndipo palibe amene amakulanda chikwama m'manja. Chimenecho ndiye tinataya. Lero ukaberedwa pa siteji ulibe pepala, ulibe kokadandaula.

Pa chipata cha malire cha Chiponde za border pass sizinavute. Kuchoka pa chipata kukafika ku Mandimba ndi makilomita angapo, ndipo pamenepo ndi ufumu wa akabaza a njinga zamoto. Amalandira makwacha ndi mametikali omwe, koma gwirizanani mtengo musanakwere komanso nenani ndalama yake ndi iti. Amene anatenga mayi anayenda pang'onopang'ono nditamupempha. Tinapeza thupi litanyamulidwa kale kunyumba, tinangokumana nalo panjira ya kumanda. Ora limene tinataya pa siteji lija ndi limene linawamana mayi mwayi woona nkhope ya achimwene awo.

Kukwera ndidzakwerabe, palibe njira ina. Dalaivala uja ndingamupatse nyenyezi zonse, koma pa siteji ndikupereka imodzi. Chikwama chanu musachisiye m'manja mwa munthu, funsani amene akhala m'galimoto ngati alipira, ndipo ndalama mupatse dalaivala mwini wake injini ikalira. Akomiti a pa siteji, anyamata anu mumawadziwa mayina, akhazikeni pansi.