Pati taimu ya masamu ya pa Chitakale ija

Amene mumandifunsa za pati taimu ya masamu imachitika Loweruka kuseri kwa msika pa Chitakale, ine ndikuti tumizaniko ana, bola mudziwiretu zingapo.

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3 ndipo ma indices (masamu a ma pawa) ankamuzunguza mutu koopsa, 2^3 × 2^4 iyeyo ankalemba 4^7 mtima uli m'malo. Aphunzitsi ake a ku pati taimuko, bambo wachikulire ndithu, saloweletsa ana malamulo ngati nyimbo ayi. Amati tambasulani kaye, lembani 2×2×2 kenako 2×2×2×2, ma 2 alipo angati? Ana amvekere 7. Ndiye ndi 2^7, yomwe ndi 128, base ikhala momwemo mwangophatikiza ma pawa. Pogawa ndi chimodzimodzi, 5^6 ÷ 5^4 amangofufuta ma 5 pamwamba ndi pansi mpaka atsale awiri, 25 basi.

Pomwe ndinawagomera ndi pa pawa ziro. Ambiri tinangouzidwa kuti ansa ndi 1 osafunsa chifukwa, koma iwowa amalemba 7^3 ÷ 7^3, aliyense akudziwa kuti nambala kuigawa ndi iyo yomwe ndi 1, ukachotsera ma pawa 3 − 3 watsala ndi ziro, nkhani yatha. Ma pawa a negative nawo amatsika nawo masitepe, 8, 4, 2, 1, hafu, kota, kumangogawa ndi 2, mwana nkuona yekha kuti 2^-2 ndi kota osati -4. Pano wathuyu ukamupatsa 9^x = 27 amadziwa kuti ayambe wasandutsa zonse zikhale za 3, 3^(2x) = 3^3, x ndi 1.5, ndipo 8^(2/3) amayankha 4 asanagwire bolopeni. Kalikuleta pamutu umenewu amaletsa, ena akudandaula koma ine ndikugwirizana nazo.

Zovuta ziliponso. Chipindacho nchaching'ono ana ndi ambiri, wochedwa amalembera pamwendo, ndiye mvula ya kuno ku Mulanje mukuidziwa, ikayamba pamalata paja okhala kumbuyo samva kanthu. Komanso bambowa akaona kuti akutsogolo amva amathamanga, mwana wamanyazi akhoza kungobwerera kunyumba ndi notsi zokhazokha, muuzeni wanu azikweza dzanja. Mapasiti pepa a MANEB sapereka, amalemba pabolodi, ndiye muzikonzekera ya fotokope ngati mukufuna mwana akhale ndi ake.

Malipiro ndi apamwezi, amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ukawafotokozera bwinobwino amadikira mpaka salale ya kuesiteti ituluke. A Fomu 4 amene akufuna kubwereza silabasi yonse mwachangu mwina sizingawathandize kwambiri chifukwa mutu umodzi amakhalapo nthawi, koma wa Fomu 2 kapena 3 apite asanafike pa ma logarithm. Ochokera ku Limbuli ndi ku Muloza azinyamuka m'mamawa, malo akutsogolo amatha msanga.